Mwala wa ankolo ndinauswa ndi nyundo

Sabata ino ndiyambe ndi kuulula tchimo. Si lopita nalo kwa abusa kapena kwa shehe ayi, koma ndikalikumbukira manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo.

Mwezi wa August chaka chatha ndinapita ku Machinga kukaona ankolo anga, achimwene awo a mayi. Amakhala chakufupi ndi msewu wa M3, uja umachoka ku Zomba kudzera pa Domasi ndi pa Malosa n'kukatsikira ku Liwonde. Ndili pakhonde kudikira tiyi, maso anga anagwera pa mwala umene anauika pachitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Kukula kwake ngati theka la njerwa, mtundu wake ngati ufa wa mgaiwa. Koma pamwamba pake panali patamera timitengo takuda bii, towongoka, tonyezimira ngati wina watipolisha. Tina tinali totalika ngati chala.

"Ankolo, ichi n'chiyani?"

"Mwala wa m'phiri umenewo," anatero akuloza ndi mlomo cha ku Malosa. "Ndinakumba ndekha ndisanakwatire. Waukonda? Tenga, mphwanga. Koma uzikaugwira ngati dzira."

Mawu omalizawo sindinawasamale. Ndinauponya m'chikwama, n'kukwera minibasi, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Balaka komwe ndimachita lendi. Usiku womwewo nzeru za kuyunivesite zinayamba kugwira ntchito. Ndinati chamtengo apa ndi timitengo takudati, choyerachi ndi chikoko chabe, ngati cha mtedza. Ndinabwereka nyundo kwa alandilodi. Ndinamenya katatu basi.

Kenako ndi pamene ndinatenga foni, n'kugula bandulo, n'kuyamba kufufuza. Mwaona dongosolo lakelo? Kuswa kaye, kufunsa pambuyo. Akuluakulu aja sananame kuti safunsa anadya phula.

Pafoni panatuluka zithunzi za miyala yofanana ndendende ndi umene ndinali nditangouswawo. Dzina lake aegirine. Pansi pa chithunzi chilichonse panalembedwa kuti Mount Malosa, Zomba, Malawi. Ogulitsa ake anali a ku America, ku Germany, ku France, ndipo miyala yabwino inali pa madola mazanamazana. Yonse yodulayo inali ndi chinthu chimodzi chofanana: timitengo takuda tija tinali tidakali chiimire pa mwala wake woyera. Zidutswa ngati zimene zinali mbwee pasimenti panga zija, amagulitsa mulu pamtengo wozizira.

M'mawa ndinawaimbira ankolo. Anakhala chete kanthawi, kenako anati: "Sukulu yonse ija unapita nayo kuti? Ife potsika nayo m'phiri tinkavula malaya n'kuikulunga, munthu n'kumayenda ngati wanyamula khanda. Ogula ankangoti akaona nsonga yathyoka, basi, sakufunanso."

Ndinawafunsa ngati ankadziwa dzina lake. Anati ayi, iwo ankangoti miyala yakuda. Nanga komwe inkapita? Kaya. Nanga ndalama? Anaseka. "Ya sopo ndi mchere."

Chimene chandipangitsa kulemba nkhaniyi n'chimenechi. Ankolo ankadziwa kaugwiridwe ka mwalawo koma sankadziwa dzina lake ngakhale mtengo wake. Ine ndinapeza dzina ndi mtengo m'mphindi zisanu, koma kaugwiridwe sindinkakadziwa. Pakati pa ife awiri, mwala umene unakhala bwinobwino zaka zoposa 100 miliyoni unathera pasimenti.

Unapangika bwanji?

Funso loyamba limene anzanga amafunsa akaona zidutswazi n'lakuti, anasema ndani? Palibe anasema. Umu ndi mmene unamerera.

Phiri la Zomba ndi la Malosa ndi thanthwe limodzi, ndipo lili m'banja limodzi ndi mapiri a ku Machinga aja timawaona tikamayenda pa M3: Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala. Akatswiri a miyala amalitchula banjali kuti Chilwa Alkaline Province, ndipo muli Mulanje, chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, komanso Kangankunde wa ku Balaka. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, chiphalaphala chamoto chinakwera kuchokera pansi pa nthaka, koma chambiri sichinatulukire kunja. Chinazizirira m'kati momwemo, pang'onopang'ono. Chakumapeto kwa kuzizirako, madzi otentha odzaza ndi michere yosiyanasiyana anatsalira m'ming'alu ndi m'timphako ta thanthwelo.

Ngati munasiyapo madzi a mchere m'mbale mpaka kuuma, munaona timibulu ta mchere ta ngodya zinayi titatsalira pansi. Zimene zinachitika m'timphakomo n'zomwezo, kungoti kunali kotentha kwambiri ndipo zinatenga nthawi yaitali. Mchere uliwonse umakula motsatira kaumbidwe kake, ndipo ukapeza malo opanda chopinga umatuluka ndi mbali zosalala ndi nsonga yake. Amenewa ndiye ma crystal. Mvula ndi mitsinje zakhala zikuperesa phirilo mpaka timphakoto tinafika poti munthu wa nyundo ndi tchizulo n'kutipeza.

Aegirine ndi wakuda chifukwa muli chitsulo, komanso muli sodium. Anamufotokoza koyamba ku Norway mu 1835, n'kumupatsa dzina la Ægir, mulungu wa nyanja m'nthano za kumeneko. Amapezeka ku Greenland, ku Russia ndi ku Canada, koma osonkhanitsa miyala amaika wa ku Malosa m'gulu la okongola kwambiri padziko lonse. Choyera chimene ndinachitcha chikoko chija ndi feldspar. Pali wina wooneka ngati galasi lolowa utsi, wa mbali 6: ameneyo ndi smoky quartz. Ndiye palinso ena osowa kwambiri, ang'onoang'ono, oti ine ndi inu tikhoza kuwakolopa ngati dothi: zircon, parisite, epididymite, eudidymite. Maina ovuta kutchula, koma kwa odziwa, kachidutswa kakang'ono ka amenewa kakakhala pa mwala, mtengo umasintha.

Misika ndi iwiri, musaisokoneze

Kuno kwathu tikamva za miyala yamtengo wapatali timaganiza za ruby ndi sapphire wa ku Chimwadzulu ku Ntcheu, kapena aquamarine wa ku Mzimba. Imeneyo amaidula, kuisalaza, n'kuiika pa mphete ndi pa ndolo. Pamsika umenewo amayang'ana mtundu, kuyera kwa m'kati ndi kulemera. Mwala woyera wozungulira umachotsedwadi. Ine ndinatengera nzeru ya msika umenewu n'kukaigwiritsa ntchito polakwika.

Msika winawo ndi wa anthu amene amasonkhanitsa miyala mmene inapangikira, monga mmene ena amasonkhanitsira masitampa kapena ndalama zakale. Ena ndi anthu wamba, ena ndi mayunivesite ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale. Chaka chilichonse kumayambiriro amakumana ku Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, komwe chionetsero chawo chinayamba mu 1955. Mu June amakumana ku Sainte-Marie-aux-Mines ku France, ndipo chakumapeto kwa chaka ku Munich ku Germany. Miyala ya ku Malosa imafika m'malo amenewa.

Anthu amenewa akanyamula mwala amayang'ana ngati nsonga zili zonse, ngati crystal adakali pa mwala umene anamerapo, ngati akunyezimira mwachilengedwe, ngati palibe pomata ndi guluu, komanso ngati wakhala mokongola ukauimika. Pomaliza amafunsa kapepala.

Kapepalako musakaderere. Pamalembedwa dzina la mwala, malo enieni amene unachokera, ndi nthawi imene unakumbidwa. Mwala wopanda kapepala uli ngati munthu wopanda chitupa: wokongola inde, koma palibe angamuikire umboni. Katswiri sangaphunzirepo zambiri, ndipo wogula amatsitsa mtengo. Zimene zinandikhudza n'zakuti pa timapepala tonse timene ndinationa usiku uja panali dzina la phiri, dzina la dziko, nthawi zina ndi dzina la mzungu amene anausungapo kale. Dzina la munthu amene anakwera phiri n'kuukumba sindinalione paliponse.

Ku Balaka phunziro lake ndi lina

Kum'mwera kwa tauni ya Balaka kuli phiri la Kangankunde. Mukaliona simungaimitse galimoto kuti mulijambule. Miyala yake yambiri ndi yofiirira, yosasangalatsa m'maso, yoti simungaiike pa shelefu. Koma ndi ya mtundu wosowa wotchedwa carbonatite. Mu 1937 Frank Dixey, amene ankatsogolera ntchito yofufuza miyala mu Nyasaland, pamodzi ndi W. Campbell Smith ndi C.B. Bisset, anasindikiza lipoti la miyala ya dera la Chilwa, ndipo kunali koyamba kuti carbonatite azindikirike mu Africa muno.

M'miyala ya ku Kangankunde muli timibulu tobiriwirako totchedwa monazite, ndipo m'menemo ndi mmene muli ma rare earth monga neodymium ndi praseodymium. Amenewa ndi amene amapangira maginito amphamvu a m'galimoto zoyendera magetsi, m'makina opanga magetsi ndi mphepo, ngakhalenso mu sipika ya foni imene mukuwerengerapoyi. Kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inalowa pamalopa mu 2022, ndipo mu 2023 inalengeza kuti pali miyala yokwana matani 261 miliyoni yokhala ndi ma rare earth.

Ndiye onani. Ku Malosa mtengo wa mwala uli pa maonekedwe, ukauswa watha. Ku Kangankunde mwala amachita kuupera kuti atulutse za m'kati. Maboma oyandikana, miyala ya banja limodzi, koma malamulo ake osiyana. Munthu wosadziwa amaswa wofunika kusunga, n'kutaya wofunika kuyeza.

Musanyamuke ndi thumba kupita ku Kangankunde, chonde. Malowo ali ndi eni chiphaso, ndipo kutolako miyala popanda chilolezo ndi kudziputira mlandu. Wongoyamba kumene ali ndi pena poyambira. Balaka ndi kwawo kwa laimu, ndipo mwala wa laimu wa kumapiri a Chenkumbi ndi wodzaza ndi calcite. Mukapeza kachidutswa koyera, kakandeni ndi mpeni: kamakandika mosavuta. Dontheezerani viniga pa ufa wakewo, muona tithovu. Mwayesa mwala wanu woyamba, osalipira kalikonse.

Mukafuna kuyamba

Chiswereni mwala uja ndasonkhanitsa miyala 23. Palibe wodula. Koma uliwonse ndimaudziwa dzina ndi kwawo, ndipo izi ndi zimene ndaphunzira.

Lembani musanatsuke. Tsiku lomwelo lembani kapepala: malo, mudzi kapena mtsinje wapafupi, deti, ndi amene wakupatsani kapena kukugulitsani. Jambulani mwalawo pambali pa chitsekerero cha botolo kuti kukula kwake kuzioneka. Mawa mudzaiwala, ndikukuuzani.

Madzi, sopo ndi mswachi wakale n'zokwanira. Osakhula ndi sitiwulu, osathira asidi wa m'batire, osapaka mafuta kuti uziwala. Dothi likakanirira, uviikeni m'madzi masiku angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Uliwonse paokha. Miyala ikamagundana m'thumba limodzi nsonga zimatha. Kulungani uliwonse m'tishu kenako m'nyuzipepala. Kunyumba, thireyi ya mazira imagwira ntchito bwino zedi.

Phunzirani kuyeza kulimba. Pali muyeso wa Friedrich Mohs wa mu 1812, woyambira 1 kulekeza 10. Chikhadabo chili cha pa 2.5, calcite 3, galasi cha pa 5.5, feldspar ndi aegirine cha pa 6, quartz 7, ruby 9, dayamondi 10. Wolimba amakanda wofewa. Munthu akakubweretserani chonyezimira n'kumati ndi quartz koma chikulephera kukanda botolo, kapena m'kati mwake mukuoneka tithovu tozungulira, dziwani kuti akukugulitsani galasi. Poyeza gwiritsani ntchito kunsi kwa mwala, osati nsonga.

Foni isakhale mfumu. Ma app ojambula mwala n'kukuuzani dzina amanama kwambiri. Ina inandiuza kuti aegirine wanga ndi makala. Yerekezani ndi zithunzi za pa Mindat, pomwe miyala ya ku Malosa inandandalikidwa, ndipo mukafuna yankho lenileni, likulu la nthambi ya boma ya Geological Survey lili ku Zomba konkuno. Ku UNIMA, ku MUST ndi ku MUBAS kulinso achinyamata anzathu amene akuphunzira za miyala ndi migodi. Mmodzi mwa iwo akhale mnzanu.

Mukamagula, gulani mwaulemu. Amene anakwerako pa Zomba Plateau amawadziwa anyamata oyala miyala pambali pa msewu, pafupi ndi ogulitsa zipatso. Kunenerera n'kwabwino, tonse timatero. Koma kumbukirani kuti mwalawo wachokera kumaphedi, komwe phazi likaterereka palibe wokugwira, ndipo nthawi ya mvula nthaka imagumuka. Mufunseni komwe anaupeza. Ngati mukulidziwa dzina la mwalawo, muuzeni. Simuluza kanthu, koma iye mawa akakumana ndi wogula wa kunja sadzangoti "miyala yakuda".

Za malamulo ndi za mizimu

Kusunga timiyala tingapo pa shelefu ndi nkhani ina, kukumba ndi kuchita bizinesi ndi nkhani inanso. Malamulo a migodi amene alipo pano ndi a mu 2023, ndipo amafuna chiphaso kwa wokumba, kwa wogula ndi kugulitsa miyala yamtengo wapatali, komanso kwa wotumiza kunja. Mu October 2025 boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosakonzedwa. Choncho mlendo wa pa Facebook akakulonjezani madola kuti mumutumizire phukusi, kafunseni kaye ku ofesi ya migodi musanapezeke mukufotokoza pabwalo la ndege. Kumbukiraninso kuti phiri la Malosa ndi nkhalango yotetezedwa. Mitsinje imene anthu a m'munsi amamwa imachokera kumeneko, ndipo dzenje lililonse losiyidwa chosakwirira ndi chiyambi cha chigwembe.

Kwinaku konzekerani mafunso. Akazi a alandilodi ataona thireyi yanga ya miyala pawindo anandiitanira pambali. "Mwana wanga, ngati ndi ntchito ikusowa, tiyeni tizipemphera. Zokhwimazi mapeto ake sakhala bwino." Ndinachita kuwaonetsa zithunzi pafoni kuti akhulupirire.

Choseketsa n'chakuti azungu ena ali ndi zikhulupiriro zawozawo. Pa intaneti mupeza aegirine yemweyu akugulitsidwa ngati mwala wothamangitsa mphepo zoipa ndi wochiritsa nkhawa. Palibe umboni wa sayansi wa zimenezo. Mwala sungakuchizeni BP, sungakubwezereni chibwenzi, sungakupezereni ntchito. Mukadwala pitani kuchipatala. Chimene mwala ungakupatseni ndi mbiri ya nthaka imene mwapondapo, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira.

Nambala 1

Zidutswa zija sindinataye. Zili m'katoni ya nsapato, pa thonje, ndipo kapepala kake ndi nambala 1. Palembedwa kuti: aegirine ndi feldspar, phiri la Malosa, anakumba ndi ankolo anga asanakwatire, anaswa ndi ine.

Pa Khirisimasi ndinabwererako ku Machinga. Ndinawaonetsa ankolo zithunzi za miyala ya ku Malosa ili m'makabati agalasi kunja kwa dziko lino. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, akukuza chithunzi ndi zala ngati mmene ndinawaphunzitsira. Kenako anayamba kufotokoza: mbali ya phiri imene kunkapezeka yakuda yokhayokha, kumene kunkatuluka ya utsi, mmene thanthwe limamvekera ukaligogoda ngati m'kati muli mphako. Zonsezi pa Mindat palibe. Ndinatsegula rekoda ya pafoni, ndipo analankhula mphindi 40.

Tikamadandaula kuti chuma chathu chikupita kunja timaloza boma ndi makampani, ndipo nthawi zambiri timakhala tikunena zoona. Koma pali kachigawo kena kamene kali m'manja mwathu. Akuluakulu amene anakwera mapiriwa akukalamba ndi zimene akudziwa. Ife tili ndi mafoni, timatha Chingerezi, maina ovuta aja tikhoza kuwawerenga. Palibe chotiletsa kukhala nawo pansi.

Ndiye mukapita kumudzi ulendo uno, yang'anani chimene agogo atsekera chitseko, chimene apsinjira malata padenga, chimene ana akusewerera phada. Mukaona chachilendo, funsani kuti chinachokera kuti ndipo anabwera nacho ndani. Lembani. Jambulani. Nyundo isiyeni kwa alandilodi.

Tikumanenso sabata ya mawa.